Kodi Piritsi Limadziwa Bwanji Pamene Pakupweteka?

Mutu ukuwawa, amayi akupatsani Panado, mwameza ndi madzi. Piritsilo latsikira m'mimba, koma womwe wasiya kuwawa ndi mutu. Nanga ndani analilozera njira?

Palibe, ana inu. Piritsi lilibe maso, lilibenso makutu. Likafika m'mimba limasungunuka ngati shuga mu tiyi, ndipo m'matumbo mankhwalawo amalowa m'magazi. Mtima ukamapopa, magazi amawamwaza thupi lonse, mpaka kuchala chakuphazi chimene sichinadandaule n'komwe. Koma amagwira ntchito pokhapo pamene apeza malo owayenera, monga kiyi amatsegula loko wake yekha. Maphunziro ofufuza zimene mankhwala amachita m'thupi, ndi zimene thupi limachita nawo, amatchedwa pharmacology.

Thupi silisunga mlendo ameneyu mpaka kalekale. Chiwindi chimaphwanya mankhwala, impso zimasefa zotsalira n'kuzitaya mumkodzo. Ndiye mphamvu yake imanka icheperachepera. Adokotala akamati "m'mawa ndi madzulo" sikuti akufuna kukuvutitsani ayi, akufuna kuti ena alowe oyamba aja asanatheretu.

Tiyeni tione LA, mankhwala a malungo aja achikasu. Munaonapo kuti kuchipatala amayamba akukwezani pasikelo? Akufuna kudziwa mlingo wanu, kutanthauza kuchuluka kwa mankhwala oyenera thupi lanu. Mwana wolemera makilogalamu 20 amamwa mapiritsi awiri nthawi iliyonse. Mkulu wake wa makilogalamu 30 amamwa atatu, pomwe abambo awo amamwa anayi. Onsewo amamwa kasanu n'kamodzi pamasiku atatu. Mlingo ukachepa, matenda amangogona pang'ono n'kudzukanso. Ukachuluka, mankhwala amasanduka poizoni. Panado yemweyu, amene timamuona ngati wofatsa, amawononga chiwindi munthu akamwa wambiri.

M'piritsi limodzi la LA muli mankhwala awiri, ndipo dzinalo ndi zilembo zoyamba za mayina awo. A ndi artemether, waliwiro: amapha tizilombo tambiri msangamsanga koma sakhalitsa m'magazi. L ndi lumefantrine, wodekha: amatsala kwa masiku angapo n'kumasesa tizilombo tomwe tapulumuka. Lumefantrine ali ndi khalidwe lake lina, salowa bwino m'magazi popanda chakudya cha mafuta. Choncho agogo akakuumirizani phala lothira nsinjiro kapena kapu ya mkaka musanamwe LA, musakwinye nkhope. Akuchita sayansi yeniyeni, ngakhale iwo sangaitchule choncho.

Artemether uja kwawo n'kutali. Amapangidwa kuchokera ku artemisinin, mankhwala amene mayi wina wa ku China, Tu Youyou, pamodzi ndi anzake anawapeza mu 1972 m'chomera chotchedwa Artemisia annua. Nzeru yake anaitola m'buku lakalekale la asing'anga a kwawo, n'kuiyesa mobwerezabwereza mu labotale. Mu 2015 analandira mphoto ya Nobel.

Tsopano funsani agogo za chloroquine. Akuuzani kuti ankawawa koopsa, ndipo ena akamwa thupi linkayabwa usiku wonse. Kuyabwako ndi chitsanzo cha zovuta zina zimene mankhwala amabweretsa pambali pa ntchito yake, chifukwa paja tati amafika paliponse m'thupi. Chloroquine anathandiza anthu kwa zaka zambiri, koma tizilombo ta malungo tinadzamuzolowera, tinasiya kumumva. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba kugwiritsa ntchito Fansidar. Nayenso Fansidar anadzafooka, ndipo mu 2007 kunabwera LA.

Chimodzi mwa zinthu zimene zimapatsa tizilombo mpata wozolowera mankhwala ndi kusiyira panjira. Tsiku lachiwiri thupi lazizira, mwayamba kulakalaka mpira kapena fulaye, mapiritsi otsala aja mwawabisa kunsi kwa mphasa. Tizilombo tofooka tafa, inde, koma tolimba tikadali m'magazi, ndipo udzudzu ukakulumani ukhoza kukatipatsira mng'ono wanu.

Ulendo wina mukakwera pasikelo kuchipatala, muwafunse anamwino kuti mukulemera makilogalamu angati, ndipo muwerenge nokha mapiritsi amene akupatsani. Koma kumwa kokha, dikirani munthu wamkulu akhale pambali panu.