Kusabereka kwa Amayi: Zifukwa Zake ndi Thandizo Limene Lilipo

M'midzi mwathu banja likakhala nthawi popanda mwana, zala zonse zimaloza mayi. Ena amamutcha chumba, ena amati analodzedwa. Tisanaweruze, tiyeni tidziwe zoona zake. Kusabereka ndi matenda monga ena onse. Lipoti la bungwe la WHO la mu 2023 linati vutoli limagwera munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse pa nthawi ina m'moyo wake. Achipatala amati vuto lilipo ngati banja latha miyezi 12 likukhala malo amodzi, osalera, koma mayi osaima.

Zimene zimachititsa

1. Kutsekeka kwa machubu. Dzira likachoka m'thumba la mazira limadzera m'kachubu kopita ku chiberekero, ndipo ndi momwemo limakumana ndi mbewu ya bambo. Chinzonono ndi chlamydia zimasiya zipsera zimene zimatseka njirayi. Nthawi zambiri mayi samva kupweteka, choncho amakhala nawo matendawa osadziwa. Mafinya obwera pambuyo pobereka, popita padera kapena potaya mimba amachitanso chimodzimodzi. Kuno ku Africa chimenechi ndicho chifukwa chachikulu.

2. Likodzo. Tizilombo take timaikira mazira m'ziwalo zoberekera n'kuziononga. Ife okhala m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ya Chilwa ndi ku Chigwa cha Shire tichenjere.

3. Dzira losakhwima. Chizindikiro chake ndi msambo wodumphadumpha kapena wosowa miyezi ingapo.

4. Zotupa za m'chiberekero, zimene kawirikawiri zimataitsa magazi ambiri pa msambo.

5. Msinkhu. Mayi akapitirira zaka 35 mphamvu yobereka imachepa mofulumira.

Tichite chiyani?

Choyamba, bambo ndi mayi apite limodzi ku chipatala. M'mabanja ambiri vuto limapezeka mwa bambo, ndipo kuyeza umuna n'kosavuta. Mayi amayezedwa magazi, kuunikidwa m'mimba ndi kujambulidwa machubu. Ngati chipatala chapafupi chilibe zipangizo, amatumiza ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu.

Matenda opatsirana pogonana monga chinzonono ndi chlamydia amachizika ngati onse awiri alandira mankhwala ndi kuwamaliza. Likodzo limatha ndi mapiritsi a praziquantel. Koma tidziwe kuti mankhwala amapha tizilombo, sachotsa zipsera, n'chifukwa chake kufulumira n'kofunika. Mapiritsi a clomiphene kapena letrozole amathandiza dzira kukhwima, koma tiwalandire kwa dokotala basi. Zotupa ndi machubu ena amakonzedwa ndi opaleshoni. Kudziwa masiku obereka kumathandizanso: dzira limatuluka masiku pafupifupi 14 msambo wotsatira usanayambe.

Pali njira yokumanitsa dzira ndi mbewu kunja kwa thupi, yotchedwa IVF. Mwana woyamba wa njirayi anabadwa mu 1978 ku England. Mpingo, m'kalata ya Donum Vitae ya mu 1987, unakana njirayi, koma umavomereza chithandizo chochiza thupi kuti banja libereke lokha.

Tipewe kulowetsa fisi kapena kukayesa kunja, chifukwa kumeneko tikatenga HIV ndi matenda omwe aja otseka machubu. Tikumbukirenso kuti pa malamulo a Mpingo, kusowa mwana sikuthetsa ukwati. Banja lotere lingathe kulera ana amasiye, ndipo likufunika chikondi chathu, osati chitonzo.

Mafunso okambirana ku mphakati

1. Kodi kwathu kuno timawatenga bwanji amayi amene alibe ana?
2. N'chiyani chimaletsa abambo kukayezetsa?
3. Nanga ankhoswe angathandize bwanji banja lotere?