Njati ya Chitsulo ya ku Montana

Chaka ndi chaka, mwezi wa June ukafika pakati, pamene chisanu chatha ndipo udzu wa m'zigwa za Montana, kumpoto kwa dziko la America, wayamba kuweyuka ndi mphepo, anthu mazanamazana amamanga akatundu awo, natenga a pabanja pawo, napita kukamanga misasa pa thengo lina pafupi ndi mzinda waung'ono wa Forsyth, m'mbali mwa mtsinje wa Yellowstone. Ndipo chimene chimawasonkhanitsa kumeneko ndi njati ya chitsulo yoimikidwa pa mtunda wa mayadi 805, imene aliyense amakhumba kuilasa ndi mfuti ya makolo, kawirikawiri yolowa chipolopolo chimodzi chokha. Mpikisanowu anautcha dzina la Matthew Quigley, munthu wa m'kanema wa 1990 wotchedwa Quigley Down Under, m'mene Tom Selleck ananyamula mfuti yaitali ya mtundu wa Sharps yosulidwa ku Big Timber, m'dera lomwelo la Montana. Pali zandamale zinanso zapafupi, ndipo china cha izo munthu amachiwomba ali chiimire, popanda chotsamirapo mfuti. Koma njatiyo ndiyo imene amakamba anthu pobwerera kwawo.

Mlendo wongofika tsikulo angayese kuti mwambo wonse wagona pa kuwombako. Koma iye amene wacheza ndi eni ake adziwa kuti ntchito yaikulu inachitika kale, m'miyezi ya chisanu, munthu ali yekha m'kanyumba ka kuseri, atayatsa moto pansi pa mphika wa mtovu. Pakuti anthu awa kawirikawiri sagula zipolopolo zawo m'sitolo, amaziumba okha. Amasungunula mtovu, nauthira chitsulo cha tini pang'ono, ena gawo limodzi pa magawo 20 a mtovu, ena limodzi pa 30, kuti chipolopolo chisalimbe koposa, chikhoze kufufuma pamene wonga waphulika ndi kugwira bwino mizere yozungulira ya m'kati mwa mpope wa mfuti, komanso chisafewe koposa ndi kupindika mphuno. Akathira m'chikombole, amayesa chipolopolo chilichonse pa sikelo, ndipo chimene chapepukirapo pang'ono kuposa zinzake amachibweza mumphika, podziwa kuti m'mimba mwake muli kamphako kobisika kamene kadzachisokeretsa chili m'mlengalenga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akale, ndipo ine sindidziwa ntchito ina ya manja imene mwambiwu umaiyenera koposa iyi.

Nkhani ya kulemera kwa chipolopolo ndiyo imautsa mtsutso wosatha pakati pa akuluakulu. Katiriji yotchuka koposa ndi .45-70, imene asilikali a America anayamba kugwiritsa ntchito mu 1873, ndipo dzina lake limanena kukula kwa mpope ndi muyeso wa wonga, ndiwo mageleni 70, pafupifupi magalamu anayi ndi theka. Poyamba chipolopolo chake chinali cha mageleni 405. Koma wofuna kulasa kutali amasankha cha mageleni 500 kapena kuposerapo, cholemera magalamu oposa 30, chachitali ngati kachigawo ka chala, chifukwa chinthu cholemera ndi chachitali sichitaya liwiro msanga ndipo mphepo siichikankha kwambiri. Komatu chachitalicho chimafuna mpope woti uchizunguze msanga, monga kamodzi pa mainchi 18 alionse, apo ayi chimapidiguka m'njira n'kukafika chammbali. Ena amapaka m'mizere ya chipolopolo mafuta osakaniza ndi phula la njuchi. Ena, otsata njira ya alenje akale, amachikulunga ndi kapepala kopyapyala konyowetsa, kuzunguliza kawiri, monga mayi afunditsa khanda, ndipo kapepalako kamang'ambika n'kugwa pakamwa pa mfuti, chipolopolo n'kupita chokha. Magulu awiriwa samvana, ndipo ndiyesa sadzamvana. Ine mtima wanga uli ndi a pepala, pakuti ntchito yawo ndi yokongola m'maso.

Wonga wake kawirikawiri ndi wakuda uja, wa makala, sulufule ndi mchere wa solopita, womwewo umene agogo athu ankathira m'mfuti za gogodela. Sauthira m'chibobo cha mkuwa mwachisawawa: amautsitsa pang'onopang'ono kudzera m'kampope katali, kuti timibulu take tikhazikike mothinana, kenaka naikapo kachidutswa ka katoni, natsindira mwa muyeso womwewo nthawi zonse. Koma walira mvula walira matope. Wonga wakuda umasiya mwaye wambiri m'mpope, ndipo dzuwa la Montana likauumitsa mwayewo, chipolopolo chachitatu sichitsata njira ya choyamba. N'chifukwa chake mudzaona nkhalamba ya ndevu zoyera, itangowomba, ikulowetsa kapaipi kumbuyo kwa mfuti niuziramo mpweya wa m'kamwa kangapo kuti chinyontho chifewetse mwaye, pamene mnzake wa pambali akupukuta m'mpope ndi kansalu konyowa.

Luso limeneli lili ndi makolo ake. Mu September 1874, ku Creedmoor pafupi ndi New York, akatswiri a ku Ireland, onyamula mfuti za Rigby zothirira wonga kukamwa, anapikisana ndi a ku America, onyamula za Sharps ndi Remington, pa mitunda ya mayadi 800, 900 ndi 1,000, ndipo eni dziko anapambana ndi mapointi 934 kwa 931. Koma chaka chomwecho mfuti za Sharps ndi Remington zomwezi zinali pa ntchito ina yomvetsa chisoni m'zigwa za kumadzulo, kumene alenje a zikopa ankabisala patali ndi kugwetsa njati za m'dzikomo tsiku lonse, nasenda zikopa, nasiya nyama iwolere pansi. Kotero kuti nyama zimene zinali mamiliyoni osawerengeka zinatsala mazana owerengeka m'thengo zaka za m'ma 1880 zisanathe, ndipo mitundu ya anthu monga Cheyenne, Comanche ndi Lakota, imene chakudya, zofunda ndi mahema ake zinkachokera ku njatizo, inagwa m'njala ndi m'ukapolo wa kudikira chakudya cha boma. Sindingathe kuyang'ana njati ya chitsulo ija osakumbukira zimenezi, ndipo ndikhumba kuti aliyense wokhala pamzere wowombera azizikumbukira.

Tsono tsiku la mpikisano likafika, wowomba amakhala pansi, natsamiritsa mpope pa timitengo tiwiri topingasa, napotokola kachitsulo koyang'anira kali kumbuyo kwa mfuti mpaka pa nambala imene analemba m'kabuku kake. Pambali pake pakhala mnzake, kaya mkazi wake kaya mdzukulu, diso lili pa galasi loonera kutali, akumuuza za mphepo monga aionera pa mbendera ndi pa udzu. Mfuti ikalira, utsi woyera wonunkha sulufule umaphimba zonse. Chipolopolo chimakwera m'mwamba kupitirira denga la nyumba chisanayambe kutsikira pa njati, ndipo pamapita kamphindi, kokwanira munthu kupuma kawiri, anthu onse ali chete, kufikira kulira kwa chitsulo kutabwerera kuchokera kutsidya, kuti ngwee, kapena fumbi litangofuka pambali.

Madzulo, moto utayaka m'misasa, aliyense amaponya zibobo zake zamkuwa m'botolo la madzi a sopo kuti mwaye usazidye, natsuka mfuti, natsegula kabuku kaja, nalembamo kutentha kwa tsikulo, kumene mphepo inachokera, ndi pamene chipolopolo chilichonse chinagwera.