Bowa amene amapha mbozi m'munda

Ana inu, mvula ikangokhazikika m'mapiri a ku Dedza, anthu amalawirira kutchire kukazula bowa. Amabwerako ndi utale, ndelema ndi mitundu ina yokoma pa nsima. Koma pali bowa wina amene salowa mumphika. Alibe tsinde, alibe chipewa, ndipo sangaoneke ndi maso mpaka atachuluka kwambiri. Ndi mbale wake wa chuku chimene chimamera pa chimanga chosauma bwino. Iyeyu samera pa chulu kapena pansi pa mitengo. Amamera pa thupi la tizilombo, n'kutipha. Ena mwa tizilombo timeneti ndi adani a mbewu zathu, choncho bowayu ndi mnzake wa mlimi.

Mdani amene tikumudziwa tonse

Amene mumathandiza makolo kupalira mwaonapo masamba a chimanga obookabooka, ndi ndowe zambiri m'nsonga mwa chimangacho. Mukafunyulula nsongayo mumapeza mbozi yonenepa. Iyang'anitsitseni: pamutu pake pali chizindikiro chonga Y wozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi takuda. Imeneyi ndi ntchemberezandonda yachilendo ija, imene kwawo ndi ku America. Inaoneka koyamba mu Africa m'chaka cha 2016, ndipo pasanathe nthawi inali itafika kuno kwathu. Mu Disembala 2017, mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Peter Mutharika, analengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha mbozizi.

Mayi wa mboziyi ndi gulugufe wouluka usiku. Amatha kuuluka makilomita 100 usiku umodzi, ndipo pa moyo wake amaikira mazira oposa 1,000. N'chifukwa chake mbozizi sizichedwa kudzaza munda. Mankhwala ogula kusitolo amazipha ndithu, koma ndi okwera mtengo, amadwalitsa munthu wopopera mosadziteteza, komanso amapha njuchi, nyerere ndi mavu amene amatithandiza.

Kodi bowa angaphe bwanji chinthu choyenda?

Bowayu amabereka timbewu tating'onoting'ono touluka ndi mphepo, ndipo tambiri timakhala m'dothi. Kambewu kamodzi kakagwera pa khungu la mbozi kamamatirira. Ngati pali chinyezi chokwanira, kamamera kaulusi kopyapyala. Kaulusiko kamatulutsa timadzi tosungunula khungu lolimba lija, kenaka kamaboola n'kulowa m'kati. Taonani, mboziyo siyenera kumeza kalikonse. Kukhudzidwa kokha n'kokwanira.

Akalowa m'thupi, bowa amafalikira m'magazi a mbozi n'kumadya zonse zimene mboziyo imayenera kukulira. Mbozi imayamba ulesi, imachepetsa kudya, ndipo patapita masiku angapo imafa itauma gwa. Ntchito ya bowa sithera pomwepo. Amatulukiranso kunja kudzera pakhungu n'kukuta mtembo wonse, moti mbozi imaoneka ngati yagubuduzika mu ufa woyera. Mitundu ina ya bowayu imasanduka yobiriwira pakapita masiku. Zobiriwirazo ndi timbewu tatsopano mamiliyoni, tokonzeka kugwera mbozi zina.

Ndani anatulukira zimenezi?

Ku Italy anthu ankaweta mbozi zopanga ulusi wa silika, ndipo zinkafa ndi matenda ozisiya zitayera n'kuuma. Munthu wina dzina lake Agostino Bassi anafufuza kwa zaka zambiri, ndipo mu 1835 anaonetsa kuti chopha mbozizo chinali bowa. Iyi inali nkhani yaikulu, chifukwa pa nthawiyo anthu sankadziwa kuti kachinthu kamoyo kosaoneka kangayambitse matenda. Lero bowa woyera uja amatchedwa Beauveria bassiana pokumbukira Bassi. Mu 1879 katswiri wina, Elie Metchnikoff, anapeza bowa wobiriwira akupha tizilombo toononga tirigu, ndipo anaganiza zomuweta kuti alimi azimugwiritsa ntchito. Gulu la bowa wobiriwirayu limatchedwa Metarhizium.

Nkhondo yolimbana ndi dzombe

Agogo anu angakusimbireni za dzombe, limene limatera m'munda n'kusiya mapesi okhaokha. Dzombe lofiira limaswana m'madambo, kuphatikizapo a m'mbali mwa nyanja za Chilwa ndi Chiuta kuno ku Malawi. Maiko a m'chigawo chino ali ndi bungwe lolondera dzombeli, lotchedwa IRLCO-CSA, ndipo likulu lake lili ku Ndola m'dziko la Zambia.

Mu 1989 akatswiri a mabungwe monga CABI ndi IITA anayamba ntchito yotchedwa LUBILOSA, yofuna njira yophera dzombe popanda poizoni. Anatenga bowa wa Metarhizium acridum amene anapezeka pa chiwala chakufa ku Niger, n'kumuweta. Vuto linali lakuti dzombe limakonda malo otentha ndi ouma, pamene bowa amafuna chinyezi. Nzeru inapezeka: anasakaniza timbewu ndi mafuta m'malo mwa madzi, kuti tizimatirira pa thupi la dzombe osauma msanga. Mankhwala amoyo amenewa anawatcha Green Muscle. Mu 2009 anawapopera ndi ndege pa mahekitala pafupifupi 10,000 ku Tanzania, m'madera okhala nyama zakutchire ndi mbalame, kumene poizoni akanaononga zambiri. Mu 2020 bowa yemweyu anagwiranso ntchito ku Somalia pamene dzombe la m'chipululu linabuka.

Dzombe nalo lili ndi njira yake yodzitetezera. Likadwala limakaothera dzuwa kwa nthawi yaitali kuti thupi litenthe, popeza bowayu sakula bwino pakatentha kwambiri. Zimenezi zimachedwetsa imfa, n'chifukwa chake pamatenga sabata imodzi, ziwiri kapena kuposerapo kuti dzombe lithe.

Nanga kuno ku Dedza?

Pali bowa wina wa gulu lomweli, Metarhizium rileyi, amene amakonda mbozi, ndipo akatswiri amupeza mu ntchemberezandonda za ku Malawi ndi ku Zambia. Palibe amene anamudzala. Amapezeka yekha m'chilengedwe. Bowa wotere amakondwa kumene kuli mame, chifunga ndi mvula yowazawaza, ndipo amafa msanga akaombedwa ndi dzuwa lamphamvu. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo amene mumakhala ku Bembeke kapena m'tsinde mwa phiri la Dedza mukudziwa mmene minda imakhalira yonyowa m'mawa m'nyengo ya dzinja. Chinyezi chimenecho n'chimene kambewu kamafuna kuti kamere. Kuzizira kukanyanya, bowa amagwira ntchito pang'onopang'ono, choncho mlimi amafunika kudekha.

Kodi bowayu sangatidwalitse? Amene amaloledwa kugulitsidwa amayamba ayesedwa, ndipo sakula bwino m'thupi la munthu, mbuzi kapena nkhuku chifukwa matupi athu ndi otentha. Wa dzombe uja amagwira dzombe ndi ziwala zokha. Beauveria amagwira tizilombo ta mitundu yambiri, ndiye amafunika kusamala naye. Kuno kwathu bungwe la Pesticides Control Board ndi limene limavomereza mankhwala a mbewu asanafike m'masitolo.

Bowa payekha sangamalize mbozi zonse. Amagwira ntchito limodzi ndi nyerere, mavu ndi mbalame, komanso ndi manja a mlimi amene amadzala ndi mvula yoyamba, amasakaniza chimanga ndi nyemba, amaphwanya mazira ndi kuthira phulusa kapena dothi m'nsonga.

Ntchito yanu sabata ino

Pemphani amayi, abambo kapena agogo kuti mupite nawo kumunda m'mawa. Yenderani mapando khumi, muyang'ane pansi pa masamba ndi m'nsonga. Lembani m'kope mbozi zamoyo zimene mwaona, ndi zakufa zoyera kapena zobiriwira. Yakufayo musaitaye kutali ndipo musaitenthe, chifukwa ndi imene ikufalitsa timbewu toteteza munda. Isiyeni pomwepo, kapena itoleni ndi tsamba mukaonetse aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo, ndipo musalowe m'munda umene wangopoperedwa mankhwala. Mukapeza mbozi zambiri zophedwa ndi bowa, auzeni makolo asanagule botolo la mankhwala, kuti akambirane kaye ndi alangizi ngati kupopera kukufunikadi.