Amisiri Otchinjiriza Magetsi Kuti Asathere Panjira

Woima pansi pa thiransifoma pa Mwanza Boma amamva kulira ngati kwa njuchi, usana ndi usiku. Chitsulo cha m'kati mwake chimadya magetsi ngakhale tauni yonse itazimitsa mababu, ndipo magetsiwo amangosanduka kutentha. Mawaya a kopa okulungidwa pachitsulocho nawonso amatentha malinga ndi katundu amene asenza: magetsi odutsamo akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Amisiri a ESCOM timawayamika akabwezeretsa magetsi atathima, koma ntchito yawo yofunika kwambiri ndi yochepetsa kutayika kumeneku, ndipo ndi imene anthu saiona.

Ntchitoyi ili m'manja mwa anthu angapo. Injiniya amasankha kukula kwa thiransifoma yotsitsa magetsi kuchoka pa mavoti 33,000 kapena 11,000 kufika pa 400 ndi 230 a m'nyumba. Ikakula mopyola imadya magetsi pachabe, ikachepa imapsa. Okwera mapolo amagawa nyumba, zigayo ndi mashopu a owotcherera pa mawaya atatu a moto, chifukwa makasitomala akaunjikana pa waya umodzi, wayawo umatentha pomwe enawo akupuma. Ena amayeza mafuta oziziritsa, kumanga zolumikizira zomwe zakhwefuka ndi kusintha timiyala toyamwa chinyezi tikasintha mtundu. Chinyezi chikalowa m'mafuta, pepala lokuta mawaya limafumbwa msanga, ndipo makina oyenera kutumikira zaka makumi angapo amafa ali aang'ono.

Ena anganene kuti thiransifoma yabwino imataya gawo limodzi kapena awiri okha pa 100, ndipo vuto lenileni la Malawi ndi kuchepa kwa magetsi opangidwa, monga tidaonera namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022. Mfundoyi ndi yoona koma ndi yoperewera. Magetsi ochokera ku Nkula kapena ku Tedzani amadutsa m'mathiransifoma angapo asanafike pa chigayo, ndipo iliyonse imatapako. Komanso chiwerengero chokomacho ndi cha makina osamalidwa. Thiransifoma yosenza mopyola madzulo, anthu akamaphika, imataya zambiri panthawi yomwe magetsi asowa. Anankafumbwe sadya thumba lonse tsiku limodzi, koma mlimi amene sayang'ana m'nkhokwe amadzapeza gaga. Enanso angati mankhwala ake ndi kugula makina atsopano osadya magetsi ambiri. Amenewo amafuna ndalama zakunja zomwe dziko likusowa, ndipo nawonso amapsa akuba akakhetsa mafuta kapena akasowa wowayendera.

Nthambo ya mavoti 400,000 yochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kupita ku Phombeya ku Balaka yadutsa m'boma la Mwanza, ndipo magetsi ake ndi ogula. Yuniti iliyonse yothera m'thiransifoma yotentha ndi ndalama yolipiridwa kale yomwe sidayatse babu la wina aliyense. N'chifukwa chake amisiriwa ayenera kukhala ndi galimoto, zida zoyezera ndi nthawi yoyendera makina asanawonongeke, ndipo mafumu ndi anthu awo ayenera kulondera mathiransifoma a m'madera mwawo. Mmisiri wotere tizimuyeza powerenga zaka zomwe thiransifoma yake yatumikira osapsa.