KUOLA KWA MNOFU: CIRONDA CA KUMUNDA CISANYOZEDWE

Nyengo ya kulima ndiyo nyengo ya zironda. Khasu liphonya nthaka ndi kutema cala ca kuphazi, cisonga cilasa cidendene, ng'ombe ya pa goli iponda mwini wace. Zironda zambiri zotere zipola bwino, koma zina zisanduka nthenda yoopsya imene madokotala aicha gangrene, ndiko kufa ndi kuola kwa mnofu munthu akali moyo. Mlimi woinyozera angataye mwendo, kapena moyo umene, ndipo banja lace ligona ndi njala caka cimeneco.

Mnofu wonse wa m'thupi ukhala ndi moyo cifukwa ca mwazi umene uubweretsera cakudya ndi mpweya. Mnofu wa mkono kapena wa mwendo ukakhala maola ngati 6 wosalandira mwazi konse, uyamba kufa. Tizirombo tolowa pa bala tingathenso kuupha ndi ululu wace. Mnofu wakufa subwereranso, cotero nchito yonse ya cipatala ndiyo kupulumutsa umene watsala.

Mitundu yace ndi zizindikiro

Mtundu woyamba ndiwo kuola kouma. Kumeneku kudza pang'onopang'ono, pamene mitsempha ya mwazi yacepa kapena yatsekeka, makamaka mwa okalamba, okoka fodya ndi odwala nthenda ya shuga. Kawirikawiri kuyambira ku zala za kuphazi. Cala cizizira, ciwawa usiku, pambuyo pace cicita dzanzi, cida bii ndi kufota.

Waciwiri ndiwo kuola konyowa, kumene kudza tizirombo tikalowa m'cironda, m'bala la moto kapena m'phazi la munthu wa shuga. Malowo atupa, acita matuza, aturuka mafinya ndi pfungo loipa, ndipo thupi litentha. Kumeneku kufalikira msanga, ndipo ululu ukalowa m'mwazi wodwala abwebweta ndi kulefuka.

Wacitatu, woopsya koposa, ndiwo kuola kwa mpweya. Kacirombo kace kochedwa Clostridium perfringens, kamene William Welch anakafotokoza ku Baltimore m'caka ca 1892, kakhala m'nthaka, m'ndowe ndi m'matumbo a anthu ndi a ziweto. Kakonda bala lakuya kumene mpweya wabwino sufika. Pa Nkhondo Yaikuru ya 1914 mpaka 1918 asilikari ambiri anafa nayo nthendayi ku France ndi ku Belgium, popeza anali kubvulala m'minda yothiridwa ndowe zaka zambiri. Cizindikiro coyamba ndico ululu waukuru woposa msinkhu wa bala. Khungu lisanduka lotuwa, kenaka lofiirira, matuza akuda aoneka, ndipo pokanikiza ndi cala pamveka thethethe cifukwa ca mpweya wa pansi pa khungu. Munthu wosathandizidwa angafe pa tsiku limodzi kapena awiri. Bala la cisonga lingaoneke lopola pamwamba pamene pansi pali kuola. Akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wacinai ndiwo kuola kwa m'kati. Thumbo likapanikizika m'phudzi ndi kukana kubwerera, mwazi suyendamo ndipo liola. Cotupaco ciuma gwa ndi kuwawa kwambiri, wodwala asanza ndipo sacita cimbudzi. Kuola kungagwirenso kumaliseche, makamaka amuna odwala shuga. Ambiri abisa zimenezi cifukwa ca manyazi, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Zimene acita ku cipatala

Palibe muzu kapena mafuta opaka amene angadzutse mnofu wakufa. Dokotala acotsa ndi mpeni mnofu wonse woola kufikira atapeza wamoyo woturuka mwazi, ndipo nthawi zina abwereza nchitoyi kawiri kapena katatu. Apatsanso wodwala mankhwala akupha tizirombo kupyolera m'mtsempha, monga penicillin, amene Alexander Fleming anatulukira ku London mu 1928, pamodzi ndi ena ochedwa clindamycin. Wodwala alandira madzi a m'botolo, ndi mwazi ngati wacepa. Pa kuola kouma dokotala ayesa kaye ngati mtsempha wotsekeka ungatsegulidwe. Cala cakufa cisungidwa couma ndi caukhondo, ndipo nthawi zina cithothoka cokha. Thumbo loola lidulidwa ndi kulumikizidwanso.

Kudula ciwalo ndiyo njira yotsiriza, ndipo kuopa kumeneku ndiko kuletsa anthu ambiri kupita ku cipatala. Koma amene afulumira kawirikawiri angocotsedwa mnofu wocepa kapena cala cimodzi, pamene wocedwa ataya mwendo wonse. Nchito ya opaleshoni icitika m'zipatala zazikuru, monga ca ku Chipata ndi ca St Francis ku Katete. Abale akaona zizindikirozi asadikire kuti kuce. Afune ngolo, njinga kapena galimoto nthawi yomweyo.

Kudziteteza pamudzi

Bala liri lonse la kumunda litsukidwe msanga ndi sopo ndi madzi ambiri owiritsa atazizira, dothi lonse licoke, ndipo limangidwe ndi nsaru yoyera. Kuthira ndowe, dothi kapena phulusa pa bala ndiko kuitana nthenda. Bala lakuya lionedwe ku cipatala tsiku lomwelo, kumene alasanso nyeleti yoletsa kafumbata, nthenda ina yocokera m'nthaka.

Wolumidwa ndi njoka, makamaka mphiri imene ululu wace uoletsa mnofu, asamangidwe cingwe colimba ndipo asatemedwe mphini. Anyamulidwe kunka ku cipatala mwendo uli phee. Wothyoka pfupa asamangidwe nsungwi zothina. Zala zikatupa, zikazizira kapena zikacita dzanzi, comangiraco cimasulidwe msanga. Wodwala shuga ayang'ane mapazi ace madzulo ali onse, asayende wopanda nsapato, asaothe moto pafupi, ndipo aleke fodya.

Oweta ng'ombe adziwenso kuti nthenda yochedwa blackleg idza ndi kacirombo ka mtundu womwewo wa Clostridium. Igwira makamaka ng'ombe zonenepa za miyezi 6 kufikira zaka 2. Ng'ombe itsimphina, nchafu kapena phewa litupa ndi kulira thethethe poligwira, ndipo ifa msanga. Katemera wace alipo, ndipo alangizi a ziweto ndiwo auza eni makola nyengo yace. Ng'ombe yakufa nayo isasendedwe kapena kudyedwa, koma itenthedwe kapena ikwiriridwe m'dzenje lakuya.

Nyakwawa ndi akuru a m'midzi ayenera kufotokozera anthu ao mau amenewa khasu lisanagwire nthaka. Tsiku limodzi lotayika pa ulendo wa ku cipatala libwezeka ndi dima, koma mwendo wodulidwa sumeranso.