Makina oyeza insulini nawonso amayezedwa

Insulini isanachoke kufakitale, kadontho kake kamadutsa m'chubu chachitsulo chotalika masentimita 30, chodzaza timikanda ta silika tokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Akatswiri amafuna kudziwa ngati mamolekyu ake ayamba kumatirirana. Insulini ikakhalitsa kapena ikamva kutentha, mamolekyu ena amagwirana awiriawiri, ena n'kupanga timibulu, ndipo timibulu totere titha kuutsa chitetezo cha m'thupi mwa wodwala shuga.

Njirayi imatchedwa size-exclusion chromatography. Posefa ufa, wosalala ndiwo umayamba kugwa, misere n'kutsala. Muno zimatembenuka. Zikuluzikulu sizikwana m'timabowo, choncho zimangolambalala n'kutuluka msanga, pomwe zing'onozing'ono zimalowa bowo lililonse n'kuchedwa. Jerker Porath ndi Per Flodin a ku Uppsala, m'dziko la Sweden, ndiwo anaitchukitsa mu 1959 ndi timikanda totchedwa Sephadex.

Vuto n'lakuti chubucho chimakalamba. Timikanda timaphwanyika, ndipo mamolekyu a insulini amayamba kukakamira mkati. Timibulu tikakakamira sitituluka, ndiye kompyuta imaonetsa mankhwala oyera bwino pomwe oipawo atsala m'chubu. Bodza lotere ndi loopsa kwambiri, chifukwa aliyense amalilandira mokondwa.

N'chifukwa chake buku la malamulo a mankhwala la European Pharmacopoeia limati makinawo ayambe ayezedwa. Oyeza amatenga insulini n'kuisiya dala kunja kwa filiji masiku pafupifupi 10, mpaka zomatirirana zipose 0.4 peresenti, kenako n'kuibaya m'makina. Akudziwa kale kuti ndi yowonongeka, funso ndi lakuti makina aiona kapena ayi. Kuwala kwa UV kwa 276 nm kumayeza zotuluka, ndipo pamzere womwe kompyuta imajambula payenera kuoneka kansonga ka mamolekyu ogwirana awiriawiri patsogolo pa nsonga yaikulu ya insulini yabwino. Kansongako kayenera kutalika kuwirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi chigwa cha pakati pa nsonga ziwirizo. Zikapanda kutero, ntchito imaima, zotsatira za tsikulo sizilembedwa ngati zoona, ndipo nthawi zambiri chubu chimasinthidwa, ngakhale n'chodula.

Makina akakhoza mayeso amenewa ndi pamene mankhwala enieni amalowa. Ufa wa insulini ya munthu suloledwa kupitirira 1 peresenti ya zomatirirana. Botolo la insulini likatuluka pageti la fakitale, zotsala zili m'manja mwa onyamula ndi osunga, omwe ayenera kulisunga pa madigiri 2 mpaka 8, ngakhale kumadera komwe magetsi amazimazima.