Kuukitsa galimoto yakale kuyambira pa chassis: sayansi ya dzimbiri

M'mbali mwa msewu wa M5, kuchokera ku Golomoti kudutsa pa Mua mpaka ku Mtakataka, simungalephere kuona galimoto yakale itakhala pansi pa mtengo wa mango, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira m'kati. Pena ndi Land Rover, pena Peugeot 404. Mwini wake amati, "Tsiku lina idzadzuka imeneyi." Eetu, ikhoza kudzuka ndithu. Koma pali njira ziwiri. Yachidule ndi kuyatsa injini, kupaka penti, basi n'kulowa mumsewu. Yayitali ndi kuyiphwasula yonse, kunyamula bodi kuyichotsa pa chassis, n'kuyamba kukonza kuchokera pansi. Yachiwiriyi imadya miyezi kapena zaka. Nanga munthu amavutikiranji chonchi? Yankho lili m'phunziro la Chemistry.

Chassis n'chiyani?

Chassis ndi mafupa a galimoto. Pa mapikapu ambiri ndi ma Land Rover akale, imaoneka ngati makwerero ogonekedwa pansi: zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ndi zina zopingasa. Injini, giyabokosi, masipuling'i ndi bodi, zonse zimamangidwa pamenepo ndi mabawuti. Magalimoto ang'onoang'ono amakono alibe chassis yapayokha, bodi ndi mafupa ndi chinthu chimodzi, ndiye sungazilekanitse.

Zitsulo za chassis ya Land Rover n'zobowoka m'kati ngati bokosi. Matope a dzinja akalowamo amakhala ndi chinyezi kwa nthawi yaitali, ndipo dzimbiri limayamba kudya kuchokera m'kati ndi pamwamba pomwe pagona bodi, malo amene diso silifika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. N'chifukwa chake bodi iyenera kuchoka.

Dzimbiri limabwera bwanji?

Kuti chitsulo chichite dzimbiri pamafunika zinthu ziwiri: madzi ndi mpweya wa okosijeni. Ma atomu a chitsulo amataya ma electron, okosijeni n'kuwalandira, ndipo pamapangika hydrated iron(III) oxide, chija chofiirira chimanyenyeka m'manja. Dzimbiri limatenga malo ambiri kuposa chitsulo chimene lachokerako, ndiye limafufuma, kusweka, n'kugwa. Likagwa, chitsulo chatsopano chimakhala poyera, ntchito n'kuyambiranso.

Mwina mukuti, "Koma nyanja yathu si yamchere!" Zoona, madzi a Nyanja ya Malawi alibe mchere ngati a m'nyanja zikuluzikulu. Koma kuno kuchigwa kumatentha, ndipo kutentha kumafulumizitsa ma reaction. Chinanso, taganizani zomwe pikapu imanyamula: feteleza, mchere, manyowa. Zimenezi zikasungunuka m'madzi zimapereka ma ion, madziwo n'kumadutsitsa magetsi mosavuta, dzimbiri n'kuthamanga.

Nkhani ya zitsulo ziwiri

Land Rover yoyamba idatuluka mu 1948 ku Britain. Nthawi imeneyo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha kumene, chitsulo chinali chosowa, choncho bodi adayipanga ndi aluminiyamu, chassis yokha n'kukhala yachitsulo. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira. Akakumana ndi mpweya amadziphimba ndi kachikopa kopyapyala ka aluminium oxide komwe sikanyenyeka, ndipo kamateteza zam'kati.

Vuto limabwera pamene aluminiyamu wagundana ndi chitsulo pali chinyezi. Kumbukirani reactivity series: aluminiyamu ali pamwamba pa iron, amataya ma electron msanga. Pamalo pogundanapo pamakhala ngati kabatire kakang'ono, ndipo wodyeka ndi aluminiyamuyo. Mukaona ufa woyera ndi tizibowo mozungulira mabawuti a zitseko, ndi zimenezo. Pomanganso, makaniko wodziwa amaikapo labala, pulasitiki kapena penti pakati pa zitsulo ziwirizo kuti zisakhudzane.

Nzeru yomweyi tikhoza kuyitembenuza kuti itithandize. Zinki nayenso ali pamwamba pa iron. Chitsulo chikaviikidwa mu zinki wosungunuka pa madigiri pafupifupi 450, zinkiyo amadyeka m'malo mwa chitsulo, ngakhale patakandika. Malata a denga la sukulu yanu amatetezedwa motero. Pakhomo sitingasungunule zinki, koma penti woyambirira wokhala ndi zinki amathandiza.

Ntchito yake imayenda motere

Asanamasule bawuti ngakhale imodzi, wokonza amajambula zithunzi pafoni ndi kulemba chilichonse. Mabawuti a chitseko m'kathumba kake, mawaya aliwonse ndi chizindikiro chake. Pakatha chaka mutu sukumbuka. Kenako amachotsa batire, kukhuthula mafuta, kutsitsa thanki, n'kunyamula bodi ndi injini. Chassis ikatsala yokha amayitsuka, kuyipala ndi bulashi yawaya, n'kumayigogoda ndi hamala. Chitsulo chabwino chimalira kuti ngwee, chodyeka chimangoti phu. Podyeka amadulapo n'kuwotchererapo chitsulo chatsopano chokhuthala mofanana. Amayezanso mopingasa, kuchokera pa kona ina kufika pa inzake: miyeso iwiriyo ikasiyana, chassis ndi yopindika, ndipo galimoto idzayenda chammbali ngati nkhanu n'kumadya matayala. Nambala ya chassis isafufutidwe, chifukwa a Road Traffic amayiyang'ana.

Tizitsulo ting'onoting'ono tikhoza kutsukidwa ndi electrolysis. Mu ndowa yapulasitiki amathira madzi ndi sodium carbonate, chitsulo chadzimbiri amachilumikiza ku negative ya tchaja ya batire, chitsulo china chotha ntchito ku positive, osazigundanitsa. Pakapita maola dzimbiri limafewa n'kumachoka. Izi zichitikire panja, pali mphunzitsi kapena munthu wamkulu, chifukwa pamatuluka hydrogen yemwe amayaka.

Mayeso enieni ali pa Khwekhwelere

Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500. Galimoto yotsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere kupita ku Golomoti imasandutsa mphamvu ya kutsika konseko kukhala kutentha m'mabuleki. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi muyeso wake umatsika kufika pa 140. Akawira pamabadwa nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika: dalaivala amaponda, phazi n'kungofika pansi, galimoto osaima. Paipi yadzimbiri nayo ikhoza kuphulika pomwepo. Choncho mapaipi, malabala ndi mafuta a mabuleki sizikonzedwa ayi, zimasinthidwa.

Mukamathandiza amalume kapena achimwene pantchito yotereyi, musalowe kunsi kwa galimoto yokhala pa jeke yekha kapena pa njerwa, zimaphwanyika mosachenjeza. Musapume fumbi la mabuleki akale, ena ali ndi asbestos. Moto wowotcherera usayandikire thanki, ngakhale yopanda kanthu.

Yesani nokha

Tengani misomali inayi ndi mabotolo anayi. Woyamba uikeni m'botolo louma lotseka bwino, wachiwiri m'madzi owiritsa othira mafuta ophikira pamwamba, wachitatu m'madzi wamba, wachinayi m'madzi osungunulamo mchere pang'ono. M'mabotolo awiri omalizawa msomali utulukire theka kunja kwa madzi. Dikirani sabata imodzi, muziyang'ana tsiku lililonse, ndipo mulembe msomali umene wayamba kufiira ndi chifukwa chake.